Ng'ombe ya masika ya Mai Jowakina

Ana anga Agnesi, Filipo ndi Dalitso, amayi anu atopa nane. Akuti chipumireni pa ntchito ndimangokhala pansi pa mtengo wa nimu n'kumayang'ana ng'ombe za eni zikudutsa, n'kumazipeza matenda amene palibe wandifunsa. Ndiye ndagula kope ili kuti ndizilembamo za ntchito yanga, muwerenge ndikadali ndi moyo, pomwe simukumva mudzandifunse pamaso. Za ubwana wanga kwa Kasisi munazimva mpaka kukhuta, ndingozidumpha.

Chapananga, chaka choyamba cha ntchito

Nditamaliza maphunziro a zoweta ananditumiza kwa Chapananga kukayang'anira dibi, thanki ija ya simenti imene ng'ombe zimasambiramo mankhwala opha nkhupakupa. Ndinafika ndi sutikesi yachitsulo, mphasa imodzi ndi amayi anu, amene anali atangolowa m'banja ndipo ankakhulupirirabe kuti akwatiwa ndi dokotala weniweni. Nyumba imene anatipatsa inali ndi chitseko koma inalibe mawindo, kutentha kwake sopo ankasungunuka ali m'bokosi. Madzi tinkachita kufukula mumchenga wa mtsinje wa Mwanza. Sabata yoyamba amayi anu ankalira mobisa, ine n'kumanamizira kuti sindikuona, chifukwa nanenso misozi inali pafupi.

Amene anandilandira anali bambo Tembenu, mkulu wa zoweta m'deralo, munthu wamfupi wa mawu aakulu kuposa thupi lake. Anayang'ana nsapato zanga zopolisha bwino n'kunena kuti, "Mabuku akowo atsekere m'sutikesi. Kuno ng'ombe ndiyo ukwati, ndiyo maliro, ndiyo sukulu ya ana. Ukalowa m'khola la munthu uzivula chipewa." Ndinafunsa kuti, "Kuvulira ng'ombe, bwana?" Iwo anati, "Eya, ng'ombe. Mwini wakeyo ungomupatsa moni." Ndinawakonda kuyambira tsiku lomwelo, ngakhale kuti ankandikalipira pafupifupi tsiku lililonse.

Zosowa zinali zambiri. Mankhwala a dibi ankabwera pomwe afunira, mwina miyezi itatu osaoneka, anthu n'kumafika ndi ng'ombe zawo m'mawa kudzangondiyang'ana kumaso. Katemera ankafuna kuzizira, koma firiji yathu inali ya parafini, ndipo parafiniyo ankasowa. Tayala la njinga likaphulika ndinkaphatikamo udzu n'kumapitabe. Komabe sitinagonepo ndi njala. Anthu akumeneko ankanditcha a Vetenale, ndipo ndikathandiza ng'ombe yovutika pobereka ndinkabwerera ndi mapira pa keliyala, kapena nkhuku, kapena masau. Amayi anu sankamasula mtolo asanagwade n'kuthokoza Mulungu, ndipo akamasula ankapatula kaye gawo la agogo ena osaona amene tinayandikana nawo. Ine ndinkawaseka kuti atisaukitsa, iwo n'kumati, "Inu munalima kuti mapirawa?"

Chaka chachiwiri ndinagula ng'ombe yanga yoyamba, yowonda, ya nyanga imodzi yothyoka. Bambo Tembenu ataiona anaseka mpaka kutsokomola. "Wagula chikopa," anatero. Tinaitcha Kanyanga. Kanyangayo sanali wooneka, koma ankabereka chaka ndi chaka, mkaka wake wokwanira thole ndi inu nomwe. Vuto lake linali limodzi, ankakonda kubereka amuna. Chaka chachisanu anaswa mapasa, lalimuna ndi lalikazi. Kusukulu anatiphunzitsa, ndipo ndinadzioneranso ndekha m'makola a anthu, kuti thole lalikazi lobadwa mapasa ndi lalimuna kawirikawiri silibereka. Limakula bwino, kunenepa, kusalala, koma m'kati mulibe kanthu. Litakula ndinalipima ndekha, ndipo ndinapeza kuti n'chimodzimodzi. Sindinauze munthu, ngakhale amayi anu. Iwo ndiwo analitcha Dona, chifukwa linkayenda monyang'wa ngati silifuna kuponda pansi.

Chapananga, chaka chachisanu ndi chiwiri

Agnesi, iwe sungakumbuke. Unali ndi zaka zinayi pamene malungo anakugwira m'nyengo ya dzinja mpaka unayamba kukomoka, maso atatembenuka. Mwanza anali atadzaza ndipo mlatho kunalibe. Amuna anayi a mumpingo mwathu anagwirana manja m'madzi ofika pachifuwa, ine ndinakusenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni, amayi ako akubwera pambuyo akuitana dzina lako kuti usagone. Tsidya lina tinapeza thirakitala ya thonje imene inatifikitsa kuchipatala dzuwa lili paliwombo. Anamwino anakulandira, ine anandiuza kuti ndidikire panja.

Pakhonde la chipatalacho ndinagwada pa simenti yotentha, anthu akundidutsa. Ndine munthu wosadziwa kupemphera mawu ambiri, koma tsiku limenelo ndinati, "Ambuye, mukandibwezera mwanayu ndidzapereka ng'ombe kwa munthu amene alibe, kuti khola lake liyambe." Mawu amenewo ndi anga, palibe anandikakamiza. Tsiku lachitatu unatsegula maso, unapempha phala, kenaka unayamba kulirira nsapato zako zofiira zimene zinapita ndi madzi. Chibadwire sindinamvepo kulira kokoma chotero. Titabwerera kunyumba ndinauza amayi ako za lonjezo lija, ndipo anandigwira dzanja.

Bangula, chaka chachisanu ndi chitatu

Ndisanakwaniritse lonjezolo kalata inabwera yoti ndisamukire ku Bangula. Bambo Tembenu ananditsanzika pondiuza kuti ndikadali mbuli, koma anandipatsa mpeni wawo wa m'thumba. Ng'ombe zinayenda pansi masiku angapo ndi amuna awiri amene ndinawalemba ganyu. Zinali zinayi zokha, chifukwa chilala cha chaka chimenecho chinali chitatenga zina. Zotsalazo zinali ng'ombe ziwiri zapangolo, Kanyanga ndi Dona.

Ku Bangula kunali kwina. Fungo la nsomba, mabelu a njinga, Chisena ndi Chimang'anja zikusakanikirana pamsika moti munthu umayamba chiganizo m'chinenero china n'kumalizira m'china. Ntchito yanga inali kuyeza nyama pamsika ndi kulemba makalata ololeza ziweto kuyenda. Bwana wanga watsopano anali munthu wa malipoti, sindinamuonepo atalowa m'khola. Malipiro ankachedwa, ndiye amayi anu ankagulitsa mkaka wa Kanyanga ku tiyirumu ya pamsika, ndipo mkakawo ndi umene unkakugulirani makope ndi yunifolomu.

Mumpingo mwathu, monga mudziwa, tikakolola timakhala ndi Sabata la masika. Aliyense amabwera ndi gawo la zimene Mulungu wamupatsa, wina dengu la mapira, wina mpunga, wina nsomba zouma, n'kukaziika kutsogolo tikuimba. Ndinapita kwa akulu ampingo kukawauza kuti ine ndibweretsa ng'ombe, koma isagulitsidwe, ipite kwa munthu wopanda khola. Iwo anasankha Mai Jowakina, mayi wamasiye amene anawoloka kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Amuna awo anafera konko, mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira kuno, n'kuwasiyira zidzukulu zitatu. Ankalima dimba kudambo ndi kugulitsa tinsomba pamsika.

Loweruka lake ndinaima pakhola nthawi yaitali. Ng'ombe zazikazi zinali ziwiri, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe imene ingayambitse khola la munthu. Koma ndinaganiza za mkaka, za makope anu, za malipiro ochedwa. Ndinatenga chingwe n'kumanga Dona.

Amayi anu anatulukira ali ndi ndowa m'manja. "Mwasankha Dona?"

"Kwa Mulungu tipite ndi chooneka bwino," ndinatero. "Kanyanga anthu angatiseke."

"Zaka zitatu, sanatengepo bere."

"Ena amachedwa."

Anandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Adokotala ndinu." Kenaka anapita kukatunga madzi.

Mawa lake Dona anaima pakhomo la tchalitchi atasambitsidwa, akunyezimira. Amayi a mumpingo anaimba nthungululu, abusa anandigwira chanza ndi manja awiri, amuna ankazungulira ng'ombeyo akupukusa mitu kuti munthu angapereke bwanji thadzi lotere. Kumeneko palibe ankadziwa kuti anabadwa mapasa. Mai Jowakina anagwada pafumbi, anagwira mapazi anga ndikuwaletsa, akungoti, "Takhuta, baba, takhuta," ndiko kuthokoza kwa Chisena. Ine ndinaweramitsa mutu ngati munthu wodzichepetsa. Ndikunena zoona, ana anga, tsiku limenelo ndinasangalala, ndipo ndinadya bwino.

Bangula, chaka chachisanu ndi chinayi ndi chakhumi

Zikanakhala kuti Mai Jowakina anali munthu wosayamika, mwina ndikanagona tulo. Koma mayi uja ankathokoza mopweteka. Anamanga khola ndi manja awo, anafolera mbali imodzi kuti Dona asamapse ndi dzuwa. Sabata lililonse potuluka m'tchalitchi ankandipeza n'kundiuza mmene Dona wadyera, mmene wagonera. Akakumba mbatata kudimba, zoyamba zinkabwera kwathu. Akapeza mlamba wabwino, ankaubisa pansi pa dengu kuti ogula asauone, n'kubwera nawo kwa amayi anu. Inu munkadya mokondwa. Ine ndinkati ndakhuta.

Anali atakonza kale zonse. Mkaka udzakhala wa zidzukulu, makamaka wamng'onoyo amene ankadwaladwala. Thole loyamba sadzasunga, adzapatsa mayi wina wamasiye wa kutsidya kwa njanji. "Ine ndapatsidwa, baba," ankatero. "Ndingatseke bwanji dzanja?" Katatu konse anapita ndi Dona kwa mwini nkhunzi wa mudzi wina, ndipo pothokoza ankamupalirira munda wa thonje masiku angapo, mayi wachikulire, dzuwa la kuno. Miyezi inkapita, Dona n'kumangonenepa.

Tsiku lina la msika, chaka chachiwiri chikutha, anandipeza ku ofesi. Sanalowe, anakhala pansi pakhonde n'kutambasula miyendo. Nditawapatsa moni anati, "A Vetenale, mukaone ng'ombe ija. Kapena ili ndi nthenda." Madzulo ake ndinapita ndi chikwama changa. Ndinaitsegula kukamwa, ndinaiyang'ana m'maso, ndinaisisita pamimba, zonse zimene munthu amachita pofuna kuoneka kuti akugwira ntchito. Kenaka ndinaibaya jakisoni wa mavitamini n'kunena kuti tidikire. Pa zonse zimene ndinachita m'zaka zanga za ntchito, jakisoni ameneyo ndiye amandichititsa manyazi kwambiri.

Pondiperekeza, Mai Jowakina anaima pamphambano n'kulankhula motsitsa mawu. "Musavutike, baba. Ng'ombe ilibe mlandu. Ndine." Ndinafunsa kuti akutanthauza chiyani. Anatambasula dzanja lawo lamanja n'kuliyang'ana ngati si lawo. "Dzanja ili ndi louma. Mwamuna ndinamugwira, anapita. Mwana ndinamugwira, anapita. Tsopano munthu wa Mulungu wandipatsa ng'ombe yabwino chotere, yafika pakhomo panga yauma. Anzanga kudimba sandibwerekanso mbewu, akuti ndili ndi tsoka. Ndikumafunsa Mulungu kuti ndinamulakwira chiyani. Masika akubwerawa sindipita kutsogolo, chopereka cha dzanja lotere chingadetse za anzanga."

Ndinakwera njinga kubwerera kunyumba. Panjira ndinagwa kawiri pamchenga pamene sindinagwepo.

Kunyumba ndinapeza amayi anu akusankha mpunga pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa mapasa aja mpaka pa jakisoni. Sanakweze mawu, ndipo inu mukudziwa kuti amayi anu akapanda kukweza mawu ndiye kuti zinthu zavuta. Anati, "Ine za mapasazo sindinaphunzire. Koma tsiku lija munkamanga chingwe osandiyang'ana, ndinadziwa kuti pali kanthu. Zaka ziwiri ndakhala ndikukazinga nsomba za mayi uja mtima ukundiwawa."

"Ndiye ndichite chiyani? Kanyanga akapita, mkaka wapita. Filipo akuyamba sukulu chaka chamawa."

"Pakhonde la chipatala paja munatchula sukulu?"

"Ayi."

"Agnesi uyo akusewera fulaye apo. Mulungu anakupatsani wamoyo, sanakupatseni wongooneka bwino."

Ndinayesa njira zina. Ndinati tidikire Kanyanga abereke, popeza anali ndi bere la miyezi isanu ndi umodzi, thole likakhala lalikazi tidzapereke limenelo. Ndinati kapena ndingosinthanitsa ng'ombezo mwakachetechete, ndinene kuti Dona ali ndi nthenda yosachira, nkhani ithere pomwepo. Amayi anu anapeta mpunga wawo kenaka anati, "Ng'ombe mutha kusinthanitsa. Nanga dzanja lija mulisintha bwanji? Mayi uja akuganiza kuti Mulungu anamutaya. Amene angamuuze kuti si choncho ndinu nokha."

Ndinatenga masiku anayi. Ndinkaopa umphawi, koma kwambiri ndinkaopa manyazi. Vetenale wonamiza mayi wamasiye pa nkhani ya ng'ombe, mkhristu wonamiza mpingo pa Sabata la masika, ku Bangula nkhani yotere ikanafika pamsika ine ndisanafike kunyumba. Lachisanu m'mawa, inu mutapita kusukulu, ndinamanga Kanyanga chingwe. Amayi anu anamukama komaliza, anamusisita pakhosi, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kunditsata.

Tinapeza Mai Jowakina akuyanika nsomba pathandala. Ataona ng'ombe anadabwa, anathamangira mphasa. Titakhala, ndinalankhula ndikuyang'ana pansi. Ndinawauza kuti Dona anabadwa mapasa ndi thole lalimuna, kuti ng'ombe yotero sibereka ngakhale ipite kwa nkhunzi khumi, kuti ndinkadziwa zimenezi ndisanabwere ku Bangula, ndipo ndinaisankha dala kuti yabwinoyo itsale kwanga. Ndinawauza kuti jakisoni uja anali wachabe. Ndinati Kanyanga ndi wawo pamodzi ndi bere lake, ndipo ngati akufuna kukanena kwa akulu ampingo ndipita nawo ndekha.

Ntchentche zinkatera pa nsomba, iwo osaziingitsa. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, ndipo ndikanakulandira. Koma pamene anatsegula pakamwa anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Ndiye kuti ngakhale ikanakhala kwa munthu wina, sikanabala?"

"Sikanabala, mayi."

"Ngakhale kwa abusa?"

"Ngakhale kwa abusa."

"Si dzanja langa?"

"Nkhabe, mayi, ayi ndithu. Si dzanja lanu. Ndi langa."

Anayang'ana chikhatho chawo, anachitembenuza, kenaka anachiika kumaso n'kuyamba kulira. Amayi anu anasendera n'kuwakumbatira, onse awiri n'kumalira, ine nditangokhala ngati chitsa. Atatonthola anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, anandiyang'ana, ndipo anaseka pang'ono. "A Vetenale, mwandilimitsa thonje la eni katatu." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Msana uwu mudzaubaya jakisoni weniweni."

Ndinadzuka kuti ndikamasule Dona ndibwerere naye, koma anandiletsa. "Ameneyo musiyeni. Ndinathokoza kale Mulungu chifukwa cha iye, zaka ziwiri, m'mawa ndi madzulo. Kuthokozako ndikakutenge kuti? Ndowe zake ndi zimene zakulitsa mbatata munkadya zija." Kenaka analoza pamphasa. "Gwadani, baba, tipemphere. Muyambe ndinu."

Ndinagwada, koma mawu anakana kutuluka. Atadikira pang'ono anapemphera okha, m'Chisena. Anathokoza chifukwa cha Agnesi amene anachira, chifukwa cha ng'ombe yowonda imene yabwera, chifukwa cha dzanja lawo. Pomaliza anathokoza kuti Mulungu sanalole kuti a Vetenale akalambe ndi chinthu chimenechi mumtima, ndipo anapempha kuti ana anga asasowe makope. Munthu amene ndinamunamiza zaka ziwiri ankapempherera makope anu.

Kanyanga anabereka patapita miyezi itatu, thole lalikazi, ndipo litasiya kuyamwa linawoloka njanji kupita kwa mayi wamasiye uja monga Mai Jowakina ananenera. Kwathu chaka chimenecho chinali chowawa. Munamwa tiyi wopanda mkaka, ndinagulitsa ngolo ndi ng'ombe zake kuti sukulu yanu isaime, ndipo amayi anu anayamba kuphika zitumbuwa pamsika, ntchito imene inawawononga maso ndi utsi. Sanandiwerengerepo zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Pa Sabata la masika Mai Jowakina anali woyamba kupita kutsogolo, atasenza dengu la mbatata, akuvina pang'onopang'ono chifukwa cha msana.

Kwa akulu ampingo sanapite, ndipo anandiletsa kupitako. Anthu ataona Kanyanga m'khola mwawo anayamba kunditama kuti a Vetenale awonjezera ng'ombe yachiwiri, ndipo mayi uja ankangoti, "Pyadidi, zili bwino, Mulungu ngwabwino," n'kupitiriza kugulitsa nsomba zake. Anamwalira patapita zaka zambiri osauzapo munthu. Inunso munakula mukumva zomwezo, ndipo Dalitso, pa mwambo wonditsanzika pa ntchito unaimirira n'kuuza anthu monyadira kuti bambo ako anapatsa mayi wamasiye ng'ombe ziwiri. Ndinakusiya umalize chifukwa unali utavala suti yatsopano. Koma lero ukonze, mwana wanga. Ndinapereka imodzi, ndipo ndinachedwa nayo zaka ziwiri.